Kamtolo ka Kuseri kwa Chitseko

Perpétua ankadziwa kuti dzinja latha adokowe akayamba kukangana pamwamba pa tchalitchi. Akangowamva ankatulutsa ndowa, kuviika laimu m'madzi, n'kumangirira bulashi kunsonga kwa bango lalitali. Ntchito yake inali yomweyo kuyambira ali mtsikana: kuyeretsa makoma a nyumba za eni ake m'mudzi mwawo, kufupi ndi tauni ya Serpa. Panalibe khoma lomwe sankalidziwa. Ankadziwa lomwe limamwa laimu ngati chidakwa, ndi lomwe limachita thukuta mvula ikagwa. Dzuwa likawomba pomwe wadutsa ndi bulashi yake, anthu ankayenda atatsinzina.

Misewu yokha ankaidziwa ndi makutu. Mwamuna wake, Anacleto, ankagulitsa nsomba pagalimoto mudzi ndi mudzi, ndipo madzulo ankabwera ndi fungo la nsomba ndi nkhani za m'njira: pomwe msewu umatsetserekera ku tauni ya Mértola mtsinje n'kutulukira mwadzidzidzi, pomwe mitengo yosendedwa makungwa imaima yofiira ngati yachita manyazi, ndi phiri lomaliza lomwe ukalikwera mphepo imayamba kukoma mchere.

"Tirigu akadzacha chaka chamawa ndidzakutenga, ukaone nyanja," ankatero.

Tirigu ankacha, kukololedwa, kubzalidwanso. Mapeto ake Anacleto anakagona kumanda, ndipo Perpétua anawonjezera manda akewo pa makoma oyeretsa.

Anatsala ndi mwana mmodzi, Telmo, yemwe ankakhala mumzinda wa Lisbon ndi mkazi wake Vânia. Telmo anali atamera kale imvi, koma akafika pakhomo ankagwirabe dzanja la mayi ake monga anaphunzitsidwira ali mwana.

"Ndidalitseni, amayi."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga."

Potsanzika zinalinso chimodzimodzi. Ngakhale atakangana chotani, mawu amenewa sankasowa.

Dzinja la chaka chimenecho Perpétua anaterereka pakhonde, mwendo n'kukana kudzuka. Anagona pamvula mpaka Custódia, mnzake wa nyumba yoyandikana, atamupeza. Anachira, koma kuyambira pamenepo Telmo ankamuimbira foni kawirikawiri, ndipo mafunso ake anali ngati a dokotala.

Pa Pasaka Telmo anabwera ndi matumba a laimu ndi nkhani yokoma.

"Amayi, ulendo uja bambo ankakulonjezani, tipite. Njira musankha nokha. Ine ndingogwira chiwongolero."

"Liti?"

"Lachinayi la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye."

"Tsiku la ngala? Ndiye kamtolo kanga ndidzathyola liti?"

"Tidzathyola m'njira. Minda ya tirigu ili paliponse. Koma nyumbayi muiyeretse bwino chaka chino, mkati ndi kunja komwe. Izidikira mwini wake ikuwala."

Pa tsiku limenelo munthu aliyense wa m'mudzimo amapita kumunda kukathyola ngala ya tirigu kuti buledi asasowe, kanthambi ka azitona kuti pakhomo pakhale mtendere, tsamba la mpesa, ndi duwa lofiira lomera pakati pa tirigu. Amazimanga pamodzi n'kupachika kuseri kwa chitseko cha nyumba yomwe amakhala. Kamtolo kakale sakachotsa mpaka katsopano katafika pa msomali wake.

Perpétua anayeretsa nyumba yake ngati ya mkwatibwi. Anabwereza khoma lililonse, mzere wabuluu wa m'munsi anaujambulanso, mwendo ukupweteka koma iye akuimba. Vânia atabwera sabata ina anajambula zipinda zonse pafoni, akuti anzake a kuntchito aone luso la apongozi ake.

Madzulo, anamzeze akuzungulira m'mwamba, Perpétua ankakhala pakhonde ndi Custódia n'kumayala ulendo wake ndi chala pa bondo.

"Msewu waukulu ayi. Kumeneko munthu amangoona matako a malole. Titsika ndi wakale, wa m'mbali mwa mtsinje. Chamasana tidyera pansi pa mtengo, kupitirira Mértola. Kenako mapiri, kenako nyanja dzuwa lisanalowe."

"Iwe wa kunyanja? Ukachite chiyani, ukayeretse mafunde?"

"Ndikakusakira msodzi wamasiye. Wopanda mano ngati iwe, muzikatafunirana."

"Choka apa, nkhalamba yopanda manyazi. Ukangoona madzi ochuluka udzafuna kubwerera."

"Ndibwerera inde, koma Lamlungu. Nkhuku zanga usazinenepetse ndi miseche."

Custódia anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anadzuka msanga, akuti mphika uli pamoto.

Lachinayi linacha kopanda mtambo. Vânia anati amayi asavutike ndi kulongedza, apite akatsanzike mnzawo, katundu aika okha. Custódia anamukumbatira nthawi yaitali, mpaka Perpétua anamukankha.

"Iwe, ndikupita kunyanja, osati kumanda."

Msewu unali monga Anacleto ankanenera. Tirigu anali atayamba kusanduka wachikasu, maluwa ofiira ali mbwee m'mbali mwa minda. Pamitengo yamagetsi adokowe anali kudyetsa ana awo. Perpétua anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, akulamula njira yomwe anali asanaiponde.

"Ukadutsa kamlatho ukhotere kumanzere. Pali chitsime."

"Mwadziwa bwanji, amayi?"

"Bambo ako ankatsukirapo mabokosi a nsomba."

Chitsimecho chinalipodi. Perpétua anaseka ngati kamtsikana n'kumenya mwana wake paphewa. Telmo anamwetulira, maso ali pamsewu. Kumbuyo Vânia ankayang'ana pawindo.

Atapitirira Mértola anaima pansi pa mtengo waukulu. Anayala nsalu, nadya buledi, tchizi cha nkhosa ndi azitona. Atatha kudya Perpétua analowa m'mbali mwa munda. Anasankha ngala yodzaza, duwa losafota, kanthambi ka azitona ka masamba aang'ono. Tsamba la mpesa analipeza pa mpanda wa nyumba ina yakugwa. Chinasowa ndi chingwe chomangira. Telmo ndi Vânia anali ataima chapatali, akulankhula motsitsa mawu, ndiye iye anangopita yekha kukatsegula buti ya galimoto, kumbuyo koika katundu.

Anasuntha bulangete lomwe linaphimba katundu. Pansi pake panali chijasi chake cha nyengo yozizira. Chijasi, mwezi wa Meyi, kukutentha chonchi. Panalinso nsapato zake zaubweya, chithunzi cha Anacleto cha pakhoma la kuchipinda, ndi kanthu kokulungidwa mosamala m'kansalu ka kukhitchini. Anakafunyulula. Kanali kamtolo ka chaka chatha, kouma, duwa lake litasanduka lakuda, ulusi wake wobiriwira womwe anamangira yekha.

Anaimirira pomwepo, kakale kudzanja limodzi, katsopano kudzanja linalo. M'tirigu tizilombo tinkalira ngati palibe chachitika.

"Telmo."

Sanakuwe, koma mwanayo anabwera mothamanga. Ataona zomwe zinali m'manja mwa mayi ake anangoima.

"Kuseri kwa chitseko changa kuli chiyani panopa?"

"Amayi…"

"Ndakufunsa."

"Msomali wokha."

"Anachotsa ndani? Mkazi wakoyu ndi wa m'tauni, sangadziwe kuti kamakhala kuti."

"Ndine. Ndimati mukafika mukapachike kuseri kwa chitseko cha chipinda chanu, chisakhale chachilendo."

"Chipinda cha kuti?"

Vânia ndiye anayankha, misozi ili m'maso. Inali nyumba yosungirako okalamba, yaukhondo, ya dimba lake, anamwino usana ndi usiku. Anati iwo sagona tulo chigwereni mayi pakhonde paja. Anati akanawauza, akanakana.

"Ndikanakanadi," anatero Perpétua. "Nanga nyumba yanga?"

Telmo anayang'ana nsapato zake. "Muzigona alendo, aja amayendera dziko pagalimoto. Ndalama yake ndiyo izilipira komwe mukupitako. Oyamba afika Loweruka. Amakonda nyumba zoyera."

"Amakonda nyumba zoyera." Perpétua anayang'ana zala zake. Laimu anali akadali m'ming'alu ya khungu. "Ndiye unandibweretsera matumba aja. Ndinakwera pampando ndi mwendo uno, ndikuimba. Custódia akudziwa?"

"Ndiye asunge makiyi."

Perpétua anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamasula ulusi wobiriwira pa kamtolo kakale n'kumangira katsopano, mfundo ziwiri monga mwa nthawi zonse. Atamaliza analowa m'galimoto, koma kumpando wakumbuyo.

"Nyumba yanuyo ili kunyanja?"

"Chapafupi. Tisanafike. Kunyanja tidzapita Lamlungu lina, mukazolowera."

"Lero. Unati njira ndisankha ndekha. Tiyeni."

Anayamba kukwera mapiri. Perpétua sananenenso pokhotera. Telmo anasochera, kubwerera, kufunsa mbusa wa nkhosa, mayi ake akudziwa njira koma ali duu, maso pawindo. Mitengo yosendedwa makungwa inadutsa, yofiira monga anauzidwira. Paphiri lomaliza anatsitsa galasi, ndipo mphepo inakomadi mchere.

Nyanja inali yaikulu kuposa nkhani zonse za Anacleto. Telmo anaimitsa galimoto n'kumutsegulira chitseko, koma iye sanatsike. Anayang'ana mafunde akuswekera pamiyala, oyera kuposa khoma lililonse lomwe anapakapo.

"Bambo ako ankachedwa," anatero, "koma sankanama. Ndaona. Kandisiyeni."

Anafika dzuwa litapendeka. Mayi wina wovala zoyera anawalandira ndi mawu okweza, ngati akulankhula ndi wogontha, n'kuwaonetsa chipinda. Makoma ake anali a penti yosalala, yosafuna laimu. Ataona maluwa m'manja mwa Perpétua anaseka mokoma mtima.

"Ee, lero ndi tsiku la ngala! Agogo, ndikupezereni kamsomali?"

"Ayi, mwanawe. Amapachika pomwe munthu amakhala."

Anatembenukira kwa Telmo n'kumuika kamtolo katsopano m'manja.

"Ukadutsire kumudzi lero lomwe. Ukapachike pa msomali wake. Nyumbayo sinalakwe kanthu, isagone yopanda buledi. Kakaleka ukatenthe, ukudziwa mmene timachitira. Ndipo ukamuuze Custódia kuti ndowa ndi bulashi atenge. Asadzandiimbire foni."

Telmo anapatsira Vânia kamtoloko, nagwira dzanja la mayi ake, lolimba ndi lokhakhala, naweramitsa mutu wake wa imvi.

"Ndidalitseni, amayi."

Perpétua sanachotse dzanja lake. Analisiya m'manja mwa mwanayo ngati chinthu choiwalika. Panja pa windo anamzeze ankazungulira pamwamba pa dimba, ofanana ndi a kwawo. Telmo anadikira, mutu uli pansi.

"Uyendetse bwino," anatero mayi ake. "Njira ya kumudzi ndi yokhotakhota, ndipo kukuda."