Masabata Awiri Pansanja ya ku Luwawa

Ndinakhala zaka zingapo m'komiti yoona za maphunziro m'dipatimenti yathu ya zankhalango, ndipo zambiri zimene tinkakanganirana ndinaziiwala kalekale. Chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi chaka chimene tinakabindikira pa Boma la Mzimba, kukonzanso ndondomeko ya maphunziro a digiri yoyamba.

Tinalipo asanu ndi mmodzi. Ntchito yathu inali yoyala makosi onse patebulo, kuyambira a chaka choyamba mpaka a chachinayi, n'kuona amene akalamba, amene akungobwereza anzawo ndi amene akusoweka. Kuyunivesite zimenezi sizikanatheka, ophunzira amagogoda pachitseko usanamalize n'chiganizo chomwe. Ndiye tinathawira kunyumba ina ya alendo kuseri kwa msika. Pawindo pankadutsa akabaza, mabelu ali ngirингiri, ife tili m'kati kutsutsana ngati mawu akuti "kumvetsa" ndi olemera kuposa akuti "kudziwa".

Ine ndinali wamng'ono pa onse, mtsikana wa ku Ntcheu wongobwera kumene kusukulu kunja, mutu uli tho ndi zatsopano. Ndinabwera ndi kosi yanga yoyang'anira nkhalango pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti. Ndinkaifuna kosi imeneyo, sindibisa, mpaka ndinkailota masana. Koma chaka chachitatu chinali chodzaza ngati minibasi ya tsiku la msika: kuti wina akwere, wina atsike.

Woyenera kutsika aliyense ankamudziwa. Panali kakosi kakale ka masabata awiri, komwe ophunzira ankapita ku Luwawa kukakwera nsanja yolondera moto, n'kumakhala pamwamba ndi mlonda wake, kuphunzira kuona moto usanakule. Kakosiko kanalibe buku, kanalibe mwini wake m'komiti. Koma komiti inali ndi lamulo loti kosi isanachotsedwe, membala mmodzi akaione ikuphunzitsidwa, alembe lipoti pafomu. Zinangochitika kuti sabata imeneyo ophunzira anali komweko.

Wapampando wathu, mayi wanthabwala zolasa, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Madamu. Malowo mukuwafuna ndinu. Pitani mukamuone amene mukumutsitsayo."

Onse anaseka, inenso ndinasekera momwemo. Sindinawakumbutse kuti nsanja imeneyo ndinaikwerapo ndili wophunzira.

Ndinanyamuka m'mamawa pagalimoto ya dipatimenti. Inali nyengo ija yozizira ikamatha, udzu utauma koma m'mawa mukadali mphepo yobaya. Titasiya msewu wa phula, fumbi linayamba kuchuluka, mitengo ya paini n'kuyamba kutizinga mbali zonse, mizere mizere, ndipo fungo la utomoni linalowa m'galimoto mawindo ali otseka. Ndinagona pang'ono kapena sindinagone, sindikudziwa. Ndimangokumbuka kuti dalaivala anazimitsa injini, ndipo chete wa kumeneko anandigwera m'makutu.

Makwerero anali omwe aja, ozizira m'manja. Pamwamba ndinapeza ophunzira asanu atadzikuta majekete, ndi mlonda uja, bambo wa ku Manyamula, wamfupi, wolongolola, wodzitama kuti maso ake sanamunamizepo. Nkhani yoti tsiku lina anadzutsa gulu lonse lozimitsa moto chifukwa cha kamtambo, iye sankaikumbuka. Tsitsi lake linali litachita mbuu. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"A! Monire amama. Si inu munalira pakati pa makwerero, osakwera osatsika?"

Ophunzira anabisa nkhope m'majekete. Ndinavomera kuti ndine.

Pansi pathu dziko kunalibe. Nkhungu inali itadzaza zigwa zonse, yoyera, yosalala, nsonga za mapiri zokha zikuyandama, ndipo damu la m'nkhalangomo linkaoneka n'kubisikanso. Dzuwa linkatuluka mosafulumira. Penapake kutali macheka analira, n'kusiya. Munthu ukakhala pamenepo umaiwala kuti uli ndi miyendo, umangoona ngati nsanja ikuyenda yokha pamwamba pa zoyerazo, kupita nawe kwina kumene kulibe misonkhano. Ndinatulutsa fomu yanga, mphepo inaipinda, ndinaibweza m'thumba.

Mlondayo sankaphunzitsa monga timaphunzitsira ife. Ankamwa tiyi, kudandaula za mawondo, kunyoza ophunzira a chaka chatha. Kenako, ngati akulankhula yekha, anati:

"Nkhungu ilibe mwendo. Imagona, imatsata madzi. Utsi uli ndi mwendo umodzi, waponda pansi penapake. Mbwenu funani mwendo."

Tinaufunafuna mwendowo nthawi yaitali. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha ndinali nditakusiya kunja kuja. Maso anga ankangoterereka pazoyerazo. Mwadzidzidzi mtsikana wina, wachete pa onse, anaimirira n'kuloza kuseri kwa damu. Poyamba sindinaone kanthu. Kenako ndinauona, kaulusi kotuwa, kopyapyala, kataimirira pakati pa nkhungu yogona.

"Yewo chomene, mwana wanga," anatero mlondayo, akutenga wailesi yake yoitanira ozimitsa moto. "Ine ndauona kale, ndimangokuyesani."

Kaya anali atauonadi, kaya ayi. Anali munthu wofula njuchi amene anasiya moto patsinde la mtengo, ndipo gulu lozimitsa moto linauzimitsa usanalowe m'paini. Nkhope ya mtsikana ujayo ndimaionabe. Sanamwetulire, anangokhala pansi.

Potsika mlondayo anandiperekeza mpaka pagalimoto.

"Nanga mwabwera kudzatani, amama?"

"Ndimangodutsa, adada."

"Muzidutsa choncho. Ndapota, chaka chamawa akuyunivesite anditumizire ana ovala nsapato zenizeni."

Lipoti ndinalilemba madzulo omwewo pa Boma, pakhonde, mbuzi zikubwerera kwawo. Fomuyo inali ndi mabokosi. Buku limene ophunzira amawerenga: palibe. Mayeso olemba: palibe. Maphunziro a wophunzitsa: alibe satifiketi. Njira yoyezera zimene wophunzira wapeza: ndinaganiza, ndinaganiza, ndinalemba kuti palibe. Zonsezo zinali zoona, palibe akanandigwira bodza. Kumapeto kunali mizere itatu yolembapo zina zimene wayenderayo waona. Ndinaiyang'ana mizereyo mpaka tiyi anazizira. Ndinkadziwa kuti ndikalembapo za mtsikana uja, komiti yathu, yomwe inali ya anthu amitima yabwino, ikaisiya kosiyo, ndipo yanga ikadikira zaka zina. Ndinaisiya yopanda kanthu.

M'mawa mwake ndinawerenga lipotilo ndi mawu osanjenjemera. Pulofesa wina wachikulire, amene nthawi zambiri ankawodzera pamisonkhano, anatsegula maso.

"Madamu, palibe china chimene munaona kumeneko?"

"Palibe, a Pulofesa. Kunali nkhungu basi."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kutsekanso maso. Manja ovomereza kuichotsa kosiyo anakwera, langa linakwera lomaliza. Wapampando anati zilembedwe kuti kulondera moto kudzakhala mutu umodzi m'kosi yatsopano. Tinapitirira ku chaka chachinayi, ndipo masana tinadya nkhuku yokoma.

Kosi yanga si yoipa, ndiyenera kunena. Ophunzira anga amapeza ntchito nayo. Pakompyuta moto umaoneka ngati kadontho kofiira, ndipo ndimawaphunzitsa kukawerenga bwino. Chimene sindiwauza n'chakuti kadonthoko kamabwera moto utayamba kale kudya mitengo. Nthawi zina ndikamayenda pakati pa matebulo m'chipinda chozizira cha makompyuta, ndimaona ngati pansi pachoka, ndabwerera pamwamba paja, zoyera zili ponseponse, mpaka wophunzira atandiitana kawiri.

Kalata yodziwitsa a ku Luwawa inayenera kulembedwa, koma aliyense ankaganiza kuti walemba mnzake. Chaka chotsatira, udzu utayambanso kuuma, mlembi wa dipatimenti analowa muofesi mwanga ndi foni m'manja.

"Kuli bambo ena akufunsa za ana. Akuti mumawadziwa."

Mawu ake ankadukaduka ndi mphepo. Ayenera kuti anakwera pansanja kuti apeze netiweki.

"Amama, ana abwera liti? Makwerero ndakonza, aja ankagwedera aja."

Ndinamuuza kuti sabweranso. Ndinati komiti inaunika, komiti inaganiza, komiti inasintha. Mawu akuti komiti ndi abwino, munthu umabisalamo wathunthu.

Ndinkamva mphepo yokha.

"Kapena ndinalakwitsa penapake? Pakamwa pangapa ndimapadziwa."

"Ayi, adada. Simunalakwe."

"Nanga aziwaphunzitsa ndani za moto?"

Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chiyambire ntchito.

"Ine, adada."

"Inu?" Mawu ake anamasuka, anasekanso pang'ono. "A, mbwenu kuli bwino. Ndimaopa kuti apereka kwa munthu wosadziwa. Inu ndinakuphunzitsani ndine."