Mimba ya azakhali sinali ya mwana

Loweruka pa mpope ku Chilinde kuno, amayi ake a Chisomo, oyandikana nafe nyumba, anandikoka dzanja.

"Iwe Tamanda, azakhali ako agula kale matewera? Pa msinkhu uja! Amuna awo aja sakalamba ayi."

Amayi onse pa mzere anafa nacho chiseko. Ine ndinangosenza ndowa yanga.

Azakhali si oyembekezera. Lachinayi adokotala anatiuza kuti ndi khansa ya m'thumba la mazira, ndipo chatupitsa mimba ndi madzi. Azakhali andilola okha kuti ndilembe zimenezi.

Kodi panalibe amene ankaona? Aliyense ankaona. Azakhali ankati akadya pang'ono, basi akhuta. Siketi zinasiya kuwakwana. Koma kwathu kuno pakati pa mnzako safunsa, ukafunsa amati uli ndi cholinga. Ndiye anzawo a kumvano ankangowabweretsera malambe mwakachetechete, n'kumatsinzinirana maso. Azakhali nawonso anachita manyazi kunena kuti si zimenezo. Ulemu unawadyera miyezi.

Sabata yamawa akuchitidwa opaleshoni. Adokotala sanabise: sangadziwe bwino pamene khansayo yafika mpaka atatsegula, ndipo tizidutswa tina timachepa moti diso silingatione. Kakatsalako kamodzi, kamameranso.

Ndinakafunsa aphunzitsi athu a sayansi ngati palibe njira ina. Anati akatswiri kunja akuyesa tinthu tochepa kuposa fumbi. Amabaya tinthuto m'thupi, timakamamatira pamene pali khansa, ndipo akaunika ndi nyali yapadera timawala ngati ziphaniphani. Dokotala amangotsata kuwalako.

"Koma usathamange, mwana wanga," anatero. "Akadali kuyesa."

Ayese, zidzatheka. Ndili Fomu 3, ndipo ndikufuna ndidzakhale mmodzi wa ogwira nyali imeneyo kuno kwathu. Za azakhali sindikugwa mphwayi, adokotala ati mpata ulipo.

Komatu nyali idzaunika yekhayo amene wafika kuchipatala. Siidzayenda m'makomo mwathu kufunafuna amayi. Ntchito imeneyo ndi ya pakamwa pathu, ndipo akulu anati safunsa anadya phula.

Inu amayi, mnzanu uja mimba yamukulira mosadziwika bwino, mudzamufunsa liti kuti "mwapita kukayezetsa?" Lero, kapena tsiku lomutengera phala ku wodi?