Dzanja la Injiniya Litayamba Kunjenjemera

Tsiku limene anacheka khutu la kasitomala, Injiniya analephera ngakhale kupepesa. Anangoima lezala lili m'manja, kuyang'ana magazi akudonthera pathawulo loyera.

"Vula epuloniyo, kazipita," anatero Madala, mwini babashopu. "Mpando wanga si wophera anthu."

Inu owerenga, musaganize kuti uyu anali wophunzira kumene kumeta. Dzina loti Injiniya analipeza chifukwa mzere umene ankadula pachipumi pa kasitomala unkawongoka ngati waika rula. Mpando wake unali wa pawindo, ndipo anthu ankalolera kudikira pabenchi mipando ina ilibe anthu.

Koma munthuyu ankadwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Ankadzuka chifuwa chili cholemera, chakudya osachifuna, ana ake akamaseka iye n'kumangomva phokoso. Adokotala anampatsa mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse. Poyamba ankamuchititsa nseru, koma anapirira, ndipo tulo tinabwerera, nthabwala nazo zinabwerera.

Chimene anaphonya n'chaching'ono: ankasunga mapiritsiwo m'dilowa ya zipeso. Tonse tikudziwa kuti m'babashopu nkhani sigona. Tsiku lina mnzake wa mpando wachiwiri, pofunafuna chipeso, anatulutsa kapaketiko n'kukakweza m'mwamba.

"Anthu inu, mukupereka makosi anu kwa munthu womwa mankhwala a mutu!"

Benchi yonse inafa nacho chiseko. Injiniya anaseka nawo, mokweza kuposa onse. Poweruka anataya mapiritsi onse m'bini.

"Bambo a ana, adokotala akudziwa zimenezi?" anafunsa mkazi wake.

"Ndachira ine. Simukuona?"

Manyazi anapha lambe. Kwa kanthawi zinaoneka ngati wanena zoona. Kenako kunabwera chizungulire, tulo tinathawa, ndipo mdima wa kukhumudwa uja unabwerera utanenepa. Dzanja linayamba kunjenjemera, iye n'kumanamizira kuti makina ndi akale, mpaka linafika tsiku la khutu lija.

Anakhala miyezi m'chipinda makatani ali otseka. Chimene chinkamuwawa kwambiri si ntchito yokha, koma kudziwa kuti anataya moyo wabwino chifukwa cha anthu amene anaiwala nthabwalayo asanafike n'komwe kwawo.

Mkazi wake ndi amene anam'koka dzanja kubwerera kuchipatala. Injiniya ankayembekezera kukalipiridwa, koma adokotala anangomusunthira mpando.

"Si inu oyamba, achimwene. Mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi. Nthawi yosiya ikakwana timachepetsa limodzi, pang'onopang'ono. Lero tiyambirenso."

Ulendo wachiwiriwu unali wautali kuposa woyamba. Nseru inabweranso, ndipo masiku ena ankadzifunsa ngati akumwa choko. Koma ankamwa ndithu. Anayamba kumeta ana ake pakhonde, mizere yokhota, anawo n'kumapita kusukulu atavala zipewa. Kenako anameta oyandikana nawo nyumba. Dzanja linakhazikika mwakachetechete, osamuuza.

M'mawa wina anavala malaya ositidwa n'kupita kwa Madala. Pampando wa pawindo panali wometa wina, ndipo makasitomala ake akale anali pabenchi kudikira ameneyo. Ena anayang'ana kumbali.

"Madala, ndinasiya mankhwala, n'chifukwa chake ndinalakwitsa," anatero onse akumva. "Ndinayambiranso, ndipo ndikumwabe."

Madala anakhala pampando wa kukona, pafupi ndi sinki, anadzikulunga thawulo n'kukweza chibwano.

"Ndevu izi. Ndi lezala, osati makina."

Injiniya anapaka thovu, anapuma mozama, n'kuyendetsa lezala kuyambira pakhosi kukwera. Atamaliza, Madala anasisita chibwano, anayang'ana chikhatho chake, osapezapo kadontho.

"Mpando ndi uno," anatero. "Wa pawindo uja unapita."

Unapitadi. Mpaka lero Injiniya amameta kukona, ndipo akaona anthu amene ankamudikira akudikira wina, mtima umamupweteka. Madzi akatayika saoleka, ndipo iye sabisa kuti anawataya yekha.

Inu amene muli ndi mapiritsi otere, musawasiye chifukwa choti mwayamba kupeza bwino kapena wina waseka. Kambiranani kaye ndi adokotala. Ndipo ngati munasiya kale, bwererani, khomo silinatsekedwe. Mwina simudzapeza zonse zimene munataya, koma mpando ulipo. Musataye mtima, dzukani mupite.