Mphika Umene Ndinavundukula

Chiperoni cha chaka chimenecho chinabisa phiri la Chiradzulu masabata atatu, ndipo m'nyumba mwathu ku Mbombwe munkangomveka chifuwa cha abambo. Njinga yawo ya kabaza inali itatsamira khoma, tcheni chitachita dzimbiri. Ine ndinali ndi zaka khumi, mwana wachisamba, wodziyesa wodziwa zonse.

Pasukulu pathu panali aphunzitsi aakazi ochokera ku Japan. Atamva za matendawo anabweretsa timapepala tisanu ndi tiwiri ta mankhwala akwawo: mizu youma, makungwa onunkhira ndi timasamba tomangidwa patokha. Anawalangiza amayi m'Chinyanja chawo chothyokathyoka: mphika wadothi, moto wochepa, chivundikiro osachotsa, masamba kuthira pomaliza. Amayi ankalawirira kudimba, choncho ntchitoyo inagwera ine.

Koma ine, kalanga ine, ndinakulira pa kufukiza. Kwathu chimfine timachipirikitsa ndi nthunzi ya bulugamu, munthu atadzifunditsa bulangete, ndiye ndinkadziwa kuti chochiritsa ndi fungo. Nanga fungo lokoma chonchi n'kulitsekera mumphika? Ndinkathira zonse pamodzi, kusonkhezera moto wa zitsononkho mpaka madzi kubwata, kenako n'kuvundukula, n'kumakupizira nthunzi kuchipinda kwa abambo ndi lichero. Nyumba yonse inkanunkhira ngati sitolo ya sopo. Abambo ankamwa zotsalazo, zakuda bii, n'kumanditamanda. Masiku asanu ndi awiri, anthuni!

Tsiku lomaliza aphunzitsi aja anabwera kudzazonda odwala. Fungo analimvera kumsewu. Anandipeza ndili kalikiliki ndi lichero langa, nangoima chilili atagwira pakamwa. "Fungo ili ndiye mankhwala," anatero motsitsa mawu. "Likathawa, mumphika mwatsala madzi."

Ndinachita mantha osaneneka. Abambo anamva zonse ali gone pamphasa. Anaitanitsa kapu, nagugudiza zonse, kenako anati, "Aphunzitsi, amake asamve zimenezi. Mwanayu wandiphikira bwino."

Abambo anatisiya mu Ogasiti. Achipatala anati chinali chifuwa chachikulu, chofuna mapiritsi, ndipo mizuyo sikanawachiritsa ngakhale ikanaphikidwa bwanji. Mutu wanga unavomera, koma mtima ukukanabe mpaka lero. Paja safunsa anadya phula, tsono phula langa anadya ndi abambo. Amayi akalamba tsopano, ndipo akamasimba za nyengo ija amauza alendo monyadira kuti amuna awo anasamalidwa ndi mwana wawoyu mpaka mapeto. Ine ndimakhala pambali pawo, n'kumangogwedeza mutu.