Kabokosi kokana kuzima pa msika wa Nsaru

Ena ndikawafotokozera amati ndikukometsa nkhani, koma Mulungu ndi mboni, izi zinandichitikira ine mwini, ndipo ngati mukukayika mudzandiuze ndidzaseke kuti muone pomwe panali mano anga awiri akutsogolo.

Zaka zimenezo ndinali mlangizi pa kabungwe kena kothandiza alimi a m'madimba cha ku Nsaru. Anatipatsa kabokosi koyezera chinyezi cha m'nthaka, kokhala ndi kagalasi ngati ka foni ndi zingwe ziwiri zozika pansi. Kakamasunga zomwe kayeza kankalira kuti tii, kagetsi kofiira n'kuphethira.

Tsiku lina la msika, dzuwa lili paliwombo, ndinaima pa sitolo ya bambo ena achisilamu kuti ndigule madzi akumwa, kabokosi kali pakaliyala wa njinga, ndisanakazimitse chichokereni kudimba. Inali nyengo ija mphekesera za anamapopa zinali pakamwa pa aliyense. Mayi wina wogulitsa tomato atamva kulirako n'kuona zingwe, anakuwa kuti wopopa magazi uja ndi uyu. Abale, munaonapo mmene msika umatembenukira? Ndisanalandire n'komwe madzi aja, ndinali pakati pa anthu, ena atanyamula njerwa.

Ndinalumbira kuti ndine mlangizi chabe ndipo kabokosiko n'ka dothi. Bambo wina wamtali, chikwanje chili m'manja, anati ngati ndikunena zoona ndikazimitse onse akuona. Ndinadina batani, kagalasi kanalemba kuti katseka n'kuda bii. Kenako, tii. Kachiwiri tii, kagetsi kakuphethirabe. Ndinadinanso, ndinadinanso, koma ayi ndithu, ndipo batire linali m'kati momanga ndi masikuluwu. Ndikanawauza chiyani anthu amenewo?

Khofi loyamba linandigwetsa pansi. Njerwa inandipeza pakamwa, ndinalavula mano pamodzi ndi magazi, wina akundiponda m'nthiti, wina akundikoka chitenje, ndipo ndinamva bwinobwino mawu akuitanitsa petulo kwa anyamata a kabaza. Amene anandipulumutsa ndi eni sitolo aja. Anandikwakwaza pamkono mpaka m'kati, akazi awo n'kukhoma chitseko chachitsulo, iwo n'kutsala panja. Ndili gone pa matumba a mchere ndinawamva akukalipa: “Mlendo safera pakhonde panga! Mukafuna, yambani ine.” Ukali wonse unathera pa njinga yanga, anaitentha, ndipo kabokosi anakaphwanya ndi mpini wa khasu. Apolisi anafika kutatsala utsi wokha.

Ndili m'chipatala kunabwera bambo wa makompyuta amene analemba pulogalamu ya kabokosiko, maso ali pansi. Anandifotokozera kuti m'katimo munali ngati antchito awiri ogwira nthawi imodzi, wina woyeza, wina wolemba kuseri. Batani lija linkawerutsa woyeza yekha osamuuza mnzakeyo, ndiye wolembayo ankangodikirabe zoti alembe, n'kumalira poitanitsa. Anati anayenera kukonza zoti wolembayo aziuzidwa kuti ntchito yatha, amalize zomwe zili m'manja, ndipo pulogalamu izimudikira atuluke isanatseke. Anati n'kanthu kochepa, kongowonjezera mizere yowerengeka mu pulogalamuyo.

Lero sindikhulupirira za anamapopa, chomwe ndimaopa ndi gulu la anthu amantha. Ena mwa ondimenyawo ndimakumana nawo kutchalitchi, amandipatsa moni wa mayi mlangizi ngati palibe chinachitika. Inu opanga makinawa, musamangoyesa kuyatsa, muziyesanso kuzimitsa, chifukwa wokanyamula kumudzi si inu. Ndipo inu anzanga, mukamva mkuwo pamsika, yambani mwafunsa musanatole njerwa, poti wogona pansiyo naye ali ndi ana omudikira kunyumba.