Mayi a Sikelo ndi Mwana Wopepuka

Sikisi koloko m'mawa, Mayi a Sikelo ayamba kale kuchapa timatumba tomwe ankapachikira makanda poyeza kulemera. Atichapa zaka makumi awiri ndi sopo wawo, popanda wowatuma. Masiku ano kuchipatala ana amagonekedwa pa sikelo yamagetsi, koma iwo amatiyanikabe pachingwe.

"Kale mwana tinkamumva m'manja," amatero. "Akalira ali lende pambedza, tonse kuseka, amvekere mapapo alipo."

Dzana ananyamula khanda la mtsikana wina wa mumzere wa nyumba zawo, nkhope yawo n'kugwa.

"Mwanawe, uyutu wapepuka. Khadi lake lili kuti?"

Mtsikanayo anangozyolika. Ataphonya sikelo kamodzi, anaopa kukalipiridwa ndi anamwino pagulu, mpaka miyezi itatu inadutsa.

Mawa ndi tsiku la sikelo, koma mawondo a mayiwa akana ulendo. Apukuta manja, aima pampanda n'kuitana mayi wosoka zovala wa nyumba yoyandikana.

"Achemwali, mawa makina anuwo apumeko. Mundiperekezere mtsikana uja. Anamwino akayamba kukalipa, mukawauze kuti wolakwa ndine, ndinachedwa kumunyamula mwanayo."