Nkhope ya Msuweni Wanga pa Khoma la Tchalitchi

Katchalitchi kathu kakumudzi, kufupi ndi Nkope, kanali ndi woyera mtima wake: msilikali wa ku Roma amene anakana kufukiza lubani pamaso pa fano la mfumu, ndipo anamudula mutu. Abambo wansembe ankatisimbira nkhani yake chaka ndi chaka, koma akafika poti anakanira mfumu ankatsitsa mawu, poti anyamata a chipani ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Chaka china kunabwera mmisiri kudzajambula msilikaliyo pa khoma, ndipo ankafuna munthu woti atengere nkhope. Ine ndinali mnyamata wofuna banja, woimba kwaya, wonyamula mtanda Lamulungu lililonse. Ndinameta, ndinadzola mafuta, n'kukaima pomwe ankasakanizira penti.

Maso ake anandilumpha. Analoza msuweni wanga, amene ankangodutsa ndi nkhafi paphewa.

"Uyo ndiye. Taonani khosi lakelo."

"Koma ameneyu sapemphera!" ndinatero. "Lamulungu amakhala ali panyanja."

"Sindijambula mapemphero, achimwene. Inu mundigwirire makwerero."

Ndinagwiradi. Msuweni anakhala pampando atagwira nkhafi ngati mkondo, akuyasamula, ine ndikuona mphuno yake ikutuluka pa khoma, penti ikundidonthera pamutu wometawo.

Tsiku la woyerayo litafika, amayi anagwada pansi pa chithunzicho ndi makandulo. Azakhali, amayi ake a msuweni, analira. Ngakhale Asilamu ogula usipa ankasuzumira pazenera. Mtsikana wa m'kwaya amene ndinkamufuna ananong'oneza mnzake kuti, "Akungokhala ngati alankhula."

Msuweni anayamba kubwera kutchalitchi, mwina kudzadziona. Posakhalitsa mtanda uja tinayamba kunyamula mosinthana. Mvula isanagwe, anakwatira mtsikana uja.

Ndinasamukira ku Nkhudzi, ati kukasaka nsomba, ndipo ndinakhalitsa. Kumeneko ndinkapemphera ndithu, koma ndikatsinzina kuti ndipemphe msilikaliyo andipempherere, amene ankabwera anali msuweni, akuyasamula.

Nditabwerera kwathu, msuweni anandithamangira kudoko, n'kundikumbatira. Za mumtima mwanga sankadziwa kanthu.

"Wachita bwino kubwera," anatero. "Mwana wathu abatizidwa Lamulungu, ndipo womuimira ndiwe. Palibenso wina wodziwa mapemphero ngati iwe."

Ndinavomera. Mwanayo analira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo azakhali anati ndinamugwira mothina.